Seva ya Linux kapena ya Windows: zimene timamva ndi zoona zake

Bizinesi ikakula pang'ono, kompyuta imodzi ya akauntanti imasiya kukwanira. Antchito asanu kapena khumi amafuna kulowa m'mabuku amodzimodzi, wapakauntala amafuna kuona katundu wotsala kusitolo, bwana amafuna malipoti ali pa ulendo. Apa ndi pamene timagula seva, kompyuta imene imakhala yoyaka usana ndi usiku kusunga mafayilo ndi kutumikira makompyuta ena onse a mu ofesi. Pomwepo pamabuka funso la pulogalamu yaikulu yoyendetsa sevayo, imene akatswiri amaitcha operating system. Njira zodziwika ndi ziwiri. Pali Windows Server ya kampani ya Microsoft, imene timagula ndi layisensi. Palinso Linux, imene ili m'gulu la open source: malangizo onse amene anailembera ali poyera, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuigwiritsa ntchito ndi kuisintha. Imabwera m'mitundu monga Ubuntu, Debian, SUSE ndi Red Hat Enterprise Linux.

Ambiri a ife timasankha potengera zimene tamva kwa wogulitsa makompyuta, kwa mphwathu amene anaphunzira za IT, kapena kwa mnzathu wa bizinesi. Zambiri mwa zimenezo zili ndi kachoonadi ndithu, n'chifukwa chake zimakhazikika m'mitu mwathu. Mbali imene imasiyidwa pofotokoza ndi imene imadzatiliza.

“Linux ndi yaulere, choncho seva yathu sitidyera ndalama”

Layisensi yake ndiyo yaulere. Linus Torvalds anayamba kulemba Linux mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, kenako anaiika pansi pa layisensi ya GPL, ndipo mpaka lero munthu angathe kutenga Ubuntu kapena Debian pa intaneti n'kuiika pa maseva ochuluka mmene angafunire, osalipira ngakhale tambala. Koma munthu akakupatsa ng'ombe mwaulere, dipi, msipu ndi m'busa zimakhala zako. Seva imafuna makina enieniwo, UPS ndi jenereta kapena mabatire oti izipirira magetsi akathima, malo osungirako makope a mafayilo, ndiponso munthu woti aiike bwino, aziisamala ndi kudzuka usiku ikaima. Tikawerengera zaka zisanu, chodula kwambiri nthawi zambiri ndi munthuyo. Maseva a Linux ambiri amayendetsedwa polemba malamulo pa sikirini yakuda, mopanda zithunzi zodina ndi mausi, ndipo amene amaidziwadi ntchito imeneyi ndi ochepa poyerekeza ndi amene anakulira pa Windows.

Kampani imene yalemba ziro pa bajeti ya seva imaika Linux tsiku limodzi, wodzaiikayo n'kulandira zake n'kumapita, ndipo palibenso amene amaiyang'ana. Imagwira ntchito bwinobwino chaka chimodzi kapena ziwiri. Tsiku limene hard disk yadzaza kapena yafa, kumapeto kwa mwezi malipiro a antchito asanakonzedwe, ndi pamene timayamba kuimba mafoni kufunafuna wodziwa, ndipo munthu woitanidwa zinthu zitathina amatchula mtengo umene wafuna.

“Windows Server timagula kamodzi, basi tathana nazo”

Timaganiza chonchi chifukwa laputopu imabwera ndi Windows yake kale ndipo sitilipiranso. Ku seva kachitidwe kake n'kena. Kuyambira pa Windows Server 2016, Microsoft imawerengera layisensi pa ma core a purosesa, ndipo seva iliyonse imalipiridwa ma core osachepera 16 ngakhale itakhala ndi ochepa. Mtengo umene kampaniyi inalengeza wa Windows Server 2022 unali madola 1,069 pa mtundu wa Standard ndi madola 6,155 pa mtundu wa Datacenter, pa ma core 16 amenewo. Makina a ma core 32 ndiye kuti kawiri. Standard imalola ma virtual machine awiri okha, amene ndi maseva ang'onoang'ono okhala m'kati mwa makina amodzi. Mukafuna owonjezera mumalipiranso ma core onse aja kachiwiri.

Pamwamba pa apo, munthu aliyense kapena kompyuta iliyonse yolowa mu sevayo imafuna chilolezo chake chotchedwa CAL. Ofesi ya anthu 30 ndi ma CAL 30. Amene amagwira ntchito pa seva ali kutali kudzera pa Remote Desktop amafuna CAL ya mtundu wina yowonjezera. SQL Server, imene mapulogalamu ambiri a akaunti amasungiramo manambala, ili ndi layisensi yakeyake ikapitirira malire a mtundu wake waulere. Ndipo tsiku limene mudzasamukire ku Windows Server yatsopano, ma CAL akale sadzagwiranso ntchito. Maofesi aang'ono ali ndi popumira pa mtundu wa Essentials, umene umalola anthu 25 ndi zipangizo 50 popanda ma CAL, koma wantchito wa nambala 26 akalembedwa, mtunduwu sukwanira.

Kotesheni imene ili ndi mzere umodzi wokha wa Windows Server iyenera kubwezedwa kwa wogulitsa kuti alembe zotsalazo. Tikumbukirenso kuti mitengo yonseyi ndi ya madola. Mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700, ndipo layisensi iliyonse imene inali isanalipidwe inakwera tsiku lomwelo. Zimenezi zinagwera onse, a Microsoft ndi olipira Red Hat chaka ndi chaka omwe.

“Chinthu chaulere sichidalirika, makampani enieni sachigwiritsa ntchito”

Ndi zomveka kukayikira chinthu chimene sichigulitsidwa, chifukwa pa msika chotchipa kwambiri chimakhala ndi chilema. Koma Linux ya masiku ano imalembedwa makamaka ndi akatswiri olipidwa ndi makampani monga Intel, Google, Red Hat ndi Samsung, amene malonda awo amadalira kuti igwire ntchito bwino. Kuyambira Novembala 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri pa dziko lapansi, pa mndandanda wa TOP500, amayendera Linux. Msika wa masheya wa London Stock Exchange unasamukira ku makina a Linux mu 2011. Foni iliyonse ya Android ili ndi Linux m'kati mwake. Microsoft yomwe, imene mkulu wake wa nthawiyo Steve Ballmer anayerekeza Linux ndi khansa mu 2001, inalowa m'bungwe la Linux Foundation mu 2016, inatulutsa SQL Server yoyenda pa Linux mu 2017, ndipo inanena yokha kuti maseva oposa theka a makasitomala ake pa Azure, malo ake obwereketsa maseva pa intaneti, ndi a Linux.

Ngakhale kwathu kuno si zachilendo. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, ndi ya open source yochokera ku yunivesite ya Oslo, ndipo makompyuta odina pa sikirini amene bungwe la Baobab Health linaika m'zipatala zathu anamangidwa pa mapulogalamu a open source. Bwana amene wakana Linux chifukwa chongoti ndi yaulere amalipira madola zikwizikwi pa seva ya webusayiti kapena yosungira mafayilo, ntchito imene Ubuntu kapena Debian ikanagwira popanda vuto, pamene ndalamazo zikanagula mabatire abwino ndi makina achiwiri oyembekezera.

“Yogula ikatilakwitsa, tili ndi wom'gwira”

Tazolowera kuti katundu wogula ndi lisiti amakhala ndi waranti. Koma amene anakhalapo pansi n'kuwerenga mgwirizano umene timadina kuvomera poika Windows Server apeza kuti kampaniyo yadziteteza kale: chimene mungabwezeredwe sichipitirira ndalama imene munagulira pulogalamuyo, ndipo phindu limene mwataya kapena mafayilo amene asowa sizilipiridwa. Layisensi ya GPL nayonso imanena mosabisa kuti palibe waranti. Pamenepa awiriwa ndi ofanana. Layisensi imakupatsani ufulu wogwiritsa ntchito ndi kulandira ma update. Munthu woyankha foni seva ikaima amagulidwa padera.

Ndipo amagulidwa mbali zonse ziwiri. Malonda onse a Red Hat ndi omwewa: imagulitsa thandizo ndi ma update pa chaka, madola mazana angapo mpaka kupitirira 1,000 pa seva imodzi kutengera ngati mukufuna kuyankhidwa masana okha kapena usiku womwe. Malondawa anakula mpaka IBM inagula kampaniyi mu 2019 pa mtengo wa madola 34 biliyoni. Canonical, kampani imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa n'kutulutsa Ubuntu mu 2004, imagulitsa Ubuntu Pro, ndipo SUSE ya ku Germany imachita chimodzimodzi. Kwa bizinesi ya ku Limbe kapena ku Mzuzu, wom'gwira weniweni ndi kampani ya m'dziko muno imene mwasainirana nayo pepala lonena kuti idzafika pasanathe maola angati. Popanda pepala limenelo, lisiti ya layisensi siidzutsa seva.

“Linux siilowedwa ndi mbava, chifukwa anthu ambiri amaiunika”

Chikhulupiriro ichi n'chokondedwa ndi anyamata ndi atsikana athu a IT, ndipo chili ndi maziko. Malangizo akakhala poyera, aliyense wodziwa angathe kuona cholakwika n'kuchikonza. Koma kukhala poyera sikutanthauza kuti alipodi amene akuyang'ana. Mu Epulo 2014 panapezeka chibowo chimene anachitcha Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene imabisa mauthenga pakati pa webusayiti ndi woigwiritsa ntchito. Chibowocho chinali chitakhalamo zaka ziwiri, ndipo munthu ankatha kukoka mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi kuchokera pa seva osasiya phazi. Zitadziwika, dziko linadabwa kumva kuti pulogalamu imene mabanki ndi maboma ankadalira inkasamalidwa ndi anthu ochepa kwambiri, ndipo zopereka zimene ankalandira zinali pafupifupi madola 2,000 pa chaka.

Nkhani ya mu Malichi 2024 ndi yoopsa kuposa apo. Munthu wina wodzitcha Jia Tan anatha zaka ziwiri akuthandiza kukonza kapulogalamu kotchedwa xz, kamene kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse, mpaka mwini wake wotopayo anamukhulupirira n'kum'patsa mphamvu. Atazipeza, anabisamo khomo lachinsinsi lolowera m'maseva. Amene anazitulukira ndi Andres Freund, katswiri wa ku Microsoft, amene anangodabwa kuti kulowa mu seva yake yoyeserapo kunkachedwa ndi theka la sekondi, n'kuyamba kufufuza. Khomolo linali litafika m'mitundu yoyesera ya Debian ndi Fedora, lisanalowe m'mitundu imene mabizinesi ambiri amagwiritsa ntchito. Okonda open source amati nkhaniyi ikusonyeza ubwino wa kukhala poyera, ndipo akunena zoona. Koma inadalira munthu mmodzi amene anali ndi chidwi tsiku limenelo.

Kuopsa kwa chikhulupiriro ichi ndi koti chimagonetsa tulo. Seva ya Linux imasiyidwa yolumikizidwa ku intaneti ndi pasiwedi yophweka, yopanda ma update kwa zaka, chifukwa wina anati siilowedwa. Mbava za pa intaneti zili ndi makina amene amayesa zitseko za maseva onse usana ndi usiku, osasamala kuti ndi ya banki kapena ya shopu ya hardware. Kampani ya Equifax ya ku America inaberedwa mbiri za anthu 147 miliyoni mu 2017 kudzera mu Apache Struts, pulogalamu ya open source imene inali pa maseva ake. Update yotseka chibowocho inali itatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Sanaiike.

“Windows ndiyo yobooka, ikangolowa pa intaneti yagwidwa”

Mbiri imeneyi inachokera ku zaka za m'mbuyo ndiponso ku makompyuta a m'maofesi amene amadwala ndi mafulashi. Mavayirasi ambiri amalembedwera Windows chifukwa ndi imene ili pa madesiki ambiri. Koma tikayang'ana ngozi zikuluzikulu, chimene chinalakwika ndi chomwe chija cha ku Equifax. Pa 12 Meyi 2017, WannaCry inatseka makompyuta oposa 200,000 m'mayiko 150 n'kumafuna dipo. Ku England inasokoneza zipatala za NHS, odwala pafupifupi 19,000 anabwezedwa pa masiku awo oonana ndi dokotala, ndipo boma linawerengera kuti zinawononga mapaundi 92 miliyoni. Microsoft inali itatulutsa update yotseka chibowocho miyezi iwiri m'mbuyomo, mu Malichi. Amene anaiika sanakhudzidwe. Kuchoka ku Windows kuthawira ku Linux titanyamula ulesi womwewo wa ma update sikutiteteza ku chilichonse.

“Bola ikugwira ntchito, isiyeni”

Mawu awa amanenedwa ndi bwana wosamala ndalama, ndipo pa zinthu zambiri amakhala akulondola. Seva imasiyana ndi zina chifukwa pulogalamu yake ili ndi tsiku limene opanga amasiya kuitumizira ma update. Windows Server imathandizidwa zaka 10 kapena kupitirirapo pang'ono. Ya 2008 inasiyidwa pa 14 Januwale 2020, ya 2012 pa 10 Okutobala 2023, ndipo ya 2016 inaikidwa kuti ithe mu Januwale 2027. Microsoft imagulitsa ma update owonjezera kwa zaka zosapitirira zitatu, pa mtengo wokwera ndithu. Red Hat Enterprise Linux imathandizidwa zaka 10. Ubuntu ya LTS, imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, imalandira ma update aulere zaka 5, ndipo Ubuntu Pro imazifikitsa pa 10.

Tsikulo likadutsa, seva siisonyeza chilichonse. Imayaka monga mwa masiku onse, mafani akulira pansi pa desiki ya akauntanti, kapepala ka pasiwedi katamatidwa pambali pake. Chimene chasintha n'chakuti chibowo chilichonse chopezeka kuyambira tsikulo chidzakhala chotseguka mpaka kalekale, ndipo mbava zimawerenga zilengezo zomwezo zimene akatswiri amawerenga. M'sevamo muli manambala a ziphaso za unzika za antchito, maakaunti awo a ku banki ndi ngongole za makasitomala. Lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la 2024, limene MACRA imayang'anira, limaika udindo wosamala zinthu zimenezi pa amene akuzisunga. Ndalama yosinthira seva iyenera kuyamba kusungidwa chaka chimene seva yagulidwa, ndipo tsiku lotha lilembedwe m'buku la katundu wa kampani.

“Ya open source palibe angatisinthire malamulo”

Palibe angakulandeni Linux imene muli nayo, zimenezo n'zoona. Koma amene amaikonza ndi kutumiza ma update angathe kusintha maganizo. Kwa zaka zambiri mabizinesi osafuna kulipira Red Hat ankagwiritsa ntchito CentOS, imene inali yofanana nayo koma yaulere. CentOS 8 inalonjezedwa kuthandizidwa mpaka 2029. Mu Disembala 2020 Red Hat inalengeza kuti ithera kumapeto kwa 2021, ndipo makampani amene anali atangomaliza kusamukira kumeneko anayambanso kulongedza. CentOS 7 inatha pa 30 Juni 2024.

Chimene chinatsatira chikuonetsa phindu lenileni la open source. Popeza malangizo anali poyera, magulu ena anatulutsa Rocky Linux ndi AlmaLinux mu 2021, ndipo ambiri anasamukira kumeneko popanda kusintha mapulogalamu awo. Tiyerekeze ndi makasitomala a VMware, pulogalamu yogula yoyendetsera ma virtual machine: kampani ya Broadcom itaigula mu Novembala 2023, inasiya kugulitsa malayisensi ogula kamodzi n'kulamula kuti onse azilipira nthawi ndi nthawi, ndipo kunalibe gulu lina limene likanatulutsa VMware yakeyake. Khomo lotulukira limeneli ndi chuma ndithu, mwina choposa ulere wa layisensi, ngakhale kuti kudutsapo kumafuna masiku a ntchito amene wina ayenera kulipidwa.

“Yokiraka ndi yomweyo, bwanji tizitaya madola?”

Ndalama zakunja zikusowa, ndipo mnyamata wa pa msika wa makompyuta amaiika Windows Server yokiraka pa mtengo wochepa kwambiri. Chiyeso chake n'chachikulu. Koma timapulogalamu tonamiza layisensi timatengedwa pa mawebusayiti osadziwika eni ake, ndipo kuti timapulogalamuti tigwire ntchito, woikayo amayamba wathimitsa antivayirasi n'kutipatsa mphamvu zonse pa makinawo. Tambiri mwa timeneti tapezeka titanyamula zobera mapasiwedi. Ndiye kuti tadzitsegulira tokha khomo pa kompyuta imene ili ndi mabuku onse a kampani. Ndi mlandunso, chifukwa lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta. Amene alibe ndalama ya layisensi ali ndi njira yovomerezeka ya Debian, Ubuntu, Rocky Linux kapena AlmaLinux.

“Tingochotsa Windows Loweruka, Lolemba tiyambe ndi Linux”

Kuika Linux pa makina kumatenga ola limodzi. Vuto limakhala pa zimene zinali kuyenda pa Windows ija. Maofesi athu ambiri amasungira mabuku awo mu Sage Pastel, Sage Evolution kapena QuickBooks ya pa desiki, ndipo mapulogalamu amenewa analembedwera Windows. Chimodzimodzi mapulogalamu ambiri a malipiro a antchito, a pa kauntala, ndi makina odindira chala pa geti. Wopanga pulogalamu akanena kuti amathandiza pa Windows Server pokha, nkhani yathera pomwepo. Katswiri angathe kuikakamiza kuti iyende pa Linux, koma tsiku limene manambala adzasokonekere, wopangayo adzakana kuthandiza. Palinso Active Directory, imene inabwera ndi Windows 2000, yoyang'anira maakaunti ndi mapasiwedi a antchito onse pa malo amodzi. Samba 4, imene inatuluka mu 2012, imatha kugwira ntchito imeneyi pa Linux, koma imafuna munthu woidziwa bwino.

Mzinda wa Munich ku Germany unayesa kusamuka pa mlingo waukulu, ngakhale kuti kumeneko anali makompyuta a pa desiki. Khonsolo inagamula mu 2003, ndipo zinatenga zaka 10 kuti makompyuta pafupifupi 15,000 afike pa Linux. Mu 2017 khonsolo yomweyo inavota kuti ibwerere ku Windows, ena akudandaula za mapulogalamu osagwirizana, ena akuti zinali ndale ndi kusalongosoka kwa nthambi ya IT. Mzinda wolemera ngati umenewo unalipira ulendo wopita, n'kuyambanso kuwerengera wobwerera.

Ndiye funso loyamba likhale la pulogalamu imene bizinesi singagwire ntchito popanda iyo, ndi kumene imayenda. Palibenso lamulo loti tisankhe mbali imodzi. Makina amodzi angathe kusunga Windows Server ya akaunti ndi Linux ya webusayiti ndi mafayilo, ndipo maofesi ambiri oyenda bwino amachita zimenezi.

“Tikapita ku cloud, nkhani ya layisensi yatha”

Imangobisala mu bilu. Pa Azure kapena pa Amazon Web Services, seva ya Windows imalipitsidwa ndalama zambiri pa ola kuposa ya Linux yofanana nayo mphamvu, chifukwa layisensi ili m'kati mwa mtengowo. Kuika ma update pa seva yobwerekayo kumakhalabe ntchito yanu. Bilu imabwera mwezi ndi mwezi m'madola, khadi ya ku banki ikakana kulipira kunja seva ingathe kutsekedwa, ndipo intaneti ikaduka ofesi yonse imangokhala.

“Tikasankha yabwino, mafayilo athu ali pa mtendere”

Hard disk imafa, mphezi imawomba, madzi amadontha kuchokera padenga, wantchito amafufuta foda molakwitsa. Palibe operating system imene imabweza zimenezi. Chimene chimabweza ndi backup, kope la mafayilo losungidwa kwina. Ndipo liyenera kukhala kwinadi. Mu Juni 2017, vayirasi ya NotPetya, imene inafalikira kudzera mu update ya pulogalamu ya akaunti ya ku Ukraine, inagwetsa kampani ya sitima za pamadzi ya Maersk. Maseva ake a Active Directory anali ambiri, m'mayiko osiyanasiyana, ena akusunga makope a anzawo, koma popeza onse anali olumikizana anafera limodzi. Seva imodzi yokha inapulumuka, mu ofesi ya ku Ghana, chifukwa magetsi anali atathima kumeneko pa nthawiyo. Kuzima kwa magetsi kumene ife timakutemberera ndi kumene kunawaombola. Ngakhale zinali choncho, anaikanso mwatsopano maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000, ndipo anataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni.

Ife timachita zofanana nazo pa mlingo waung'ono. Timagula hard disk yakunja n'kuisiya yolumikizidwa ku seva chaka chonse, m'chipinda chomwecho. Vayirasi yotseka mafayilo imatseka zonse ziwiri, ndipo mbala yolowa usiku imanyamula zonse ziwiri. Makope akhale atatu, limodzi likhale kunja kwa ofesi ndiponso losalumikizidwa, ndipo nthawi ndi nthawi wina ayese kubwezeretsa fayilo kuchokera m'menemo. Makampani ambiri amazindikira kuti backup yawo inasiya kugwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yapitayo pa tsiku limene akuifuna.

“Mnyamata wathu wa IT amadziwa zonse, tisavutike”

Mwina amadziwadi, ndipo ndi mwayi kukhala naye. Koma anthu amapeza ntchito kwina, amapita ku Johannesburg, amadwala, ena amachoka titakangana pa malipiro. Seva ya Linux imene munthu mmodzi anaimanga mwa nzeru zake, osalemba paliponse, imasanduka bokosi lotsekedwa iye akachoka, ndipo wobwera m'malo mwake nthawi zambiri amanena kuti n'kwapafupi kuyambiranso. Pa Windows wolowa m'malo amapezeka msanga, ndipo umenewu ndi ubwino umene sulembedwa pa kotesheni, koma nayenso sangachite kanthu ngati pasiwedi ya administrator inapita ndi mnzake, kapena ngati malayisensi ndi dzina la webusayiti zinalembetsedwa pa imelo ya munthuyo m'malo mwa ya kampani. Bizinesi imakhala m'manja mwa munthu amene salinso wantchito wake, ndipo imachita kum'pempha mabuku ake omwe.

Posankha pakati pa Linux ndi Windows, tiwerenge anthu amene angaisamale m'tauni mwathu, ndipo akhale osachepera awiri. Mapasiwedi akuluakulu alembedwe, atsekeredwe mu envelopu m'sefa ya kampani, ndipo asinthidwe wina akachoka. Malayisensi ndi maakaunti onse akhale m'dzina la kampani. Wa IT alembe mmene sevayo inaikidwira, zimene zili m'menemo ndi mmene backup imabwezeretsedwera, ndipo nthawi yolembayo ilipidwe ngati ntchito ina iliyonse. Kenako munthu wachiwiri atenge zolembedwazo n'kuyesa kudzutsa seva pa makina ena, woyambayo osamuuza kanthu. Pamene wakakamira ndi pamene zolembedwazo zikuperewera, ndipo pakonzedwe woyambayo akadali pa ntchito.